Kamera Yotsika Mtengo

Tikakolola mbatata ndi chimanga, ndalama zimalowa m'nyumba. Ena amagula njinga, ena malata. Achinyamata ena amafuna kamera, kuti azijambula anthu pa maukwati ndi pa ubatizo, azipezako ndalama. Ntchito imeneyi ndi yabwino. Koma onyenga nawonso amadziwa nyengo yokolola. Iwo amabwera ndi mawu okoma: "Tengani, bambo, lero ndi theka la mtengo." Anzathu, tikhale tcheru.

Tiyambe ndi dzina. Canon, Nikon ndi Sony ndi makampani a ku Japan. Onyenga amatenga dzina lotere nalisintha pang'ono. Zaka zapitazo, m'maiko ambiri munkagulitsidwa kamera zapulasitiki zolembedwa Canomatic. M'kati mwake ankaikamo chitsulo kuti zizilemera ngati zenizeni. Munthu wosadziwa kuwerenga ankayesa kamera ndi dzanja, nakhutira. Ife tiwerenge dzina lonse, chilembo ndi chilembo, monga timachitira m'kalasi.

Kenaka titembenuze kamera. Pansi pake pali nambala. Nambala yomweyo iyenera kupezeka pa bokosi ndi pa pepala la garantiya, lija lolonjeza kuti kamera ikawonongeka msanga idzakonzedwa ulere. Tilembe nambalayo m'kope mwathu, tifananize. Ngati manambala asiyana, kapena ngati nambala yapalidwa, tisiye. Mwina kamerayo ndi yakuba.

Pali kamera zina zovuta kuzizindikira. Ndi zenizeni, zochokera ku fakitale yeniyeni. Koma zinatumizidwa kukagulitsidwa ku dziko lina, monga Hong Kong kapena Dubai, ndipo zinafika kuno osadzera kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kampani. Zimajambula bwino ndithu. Vuto limabwera tsiku limene kamera yafa: garantiya yake kawirikawiri sigwira ntchito kuno, ndipo tidzakonzetsa ndi ndalama zathu. Nthawi zina pulagi ya chaja silowa m'soketi zathu. Sitikunena kuti kamera yotere ndi yabodza. Tikunena kuti wogulitsa atiuze poyera. Timufunse: "Ikafa mwezi wamawa, ndidzapita nayo kwa yani?" Akayamba kuzungulira, tadziwa.

Bodza lalikulu limabisala m'tinthu tating'ono. Batire labodza limatha msanga, limatentha, mwinanso kutupa. Kakhadi kosungira zithunzi ndiye koopsa zedi. Kunja kalembedwa 64 GB, koma m'kati muli malo a 8 GB okha. Kamera siidandaula, imangojambulabe. Ukwati ukatha, wojambula apeza kuti zithunzi zambiri sizitseguka. Adzawauza chiyani eni ukwati, amene analipira kale? Ukwati subwerezedwa. Choncho kakhadi katsopano tikayese kunyumba: tijambule mavidiyo mpaka kadzaze, kenaka tiwatsegule onse.

Ena amaonetsa chithunzi cha kamera pa Facebook kapena pa WhatsApp, nati titumize ndalama pa M-Pesa, katundu abwera pa basi. Ndalama zikapita, foni imazima. Mbuzi sitigula tisanaione. Kamera nayonso chimodzimodzi. Ndipo pamsika, kamera imene tayesa ikhale m'manja mwathu. Wogulitsa asapite nayo kuseri kuti akaikulunge, chifukwa bokosi lingabwere ndi mwala.

Polipira, tipemphe fatura. Palembedwe dzina la sitolo, tsiku, mtengo, nambala ya kamera ndi NUIT ya wogulitsa, imene ili ndi manambala 9. M'chaka cha 2009 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza ogula, koma popanda pepala n'kovuta kudandaula. Amene sanazolowerebe kuwerenga apite ndi mnzake wa m'kalasi. Fatura tiisunge m'chikwama cha pulasitiki, pamodzi ndi zitupa za m'nyumba, pamalo osafika chiswe.