Akatswiri awerenga mbiri ya nyenyezi zophulika m'kuwala kwake

KABWE – Akatswiri akafuna kudziwa kuchuluka kwa mtovu m'dothi la ku Chowa, dera loyandikana ndi mgodi wakale wa Kabwe umene unatsekedwa mu 1994, imodzi mwa njira zawo ndiyo kuunika dothilo ndi makina a X-ray. Mtovu umabweza kuwala kwakekwake, kosiyana ndi kwa zinki kapena chitsulo, ndipo makinawo amauzindikira.

Nzeru yomweyi ndiyo imene akatswiri a zakuthambo amagwiritsa ntchito pofufuza nyenyezi zimene munthu sangathe kuzifikira. Iwo amapatula kuwala kwa nyenyezi m'mitundu yake, monga momwe madontho a mvula amapatulira kuwala kwa dzuwa n'kupanga utawaleza. M'mitunduyo mumaoneka timizere takuda, ndipo chinthu chilichonse, kaya ndi mpweya kapena chitsulo, chili ndi timizere take, ngati chidindo cha chala.

Zina mwa nyenyezi zimene akuzifufuza kwambiri mwa njirayi ndi zotchedwa white dwarf. Nyenyezi yonga dzuwa ikakalamba n'kutha mphamvu, chimatsala ndi chapakati pake, chachikulu ngati dziko lapansi koma cholemera pafupifupi ngati dzuwa. Mu 1930, katswiri wa ku India, Subrahmanyan Chandrasekhar, anawerengera kuti kulemera kwa nyenyezi yotere kuli ndi malire, amene masiku ano amadziwika kuti ndi pafupifupi madzuwa 1.4.

White dwarf ikamakoka mpweya kuchokera ku nyenyezi inzake n'kuyandikira malirewa, kapena ziwiri zikagundana, imaphulika. Kwa masabata angapo imawala ngati madzuwa mabiliyoni. Kuphulikaku kumatchedwa supernova ya mtundu wa Ia.

Akatswiri amauzindikira mtunduwu poona timizere tija. Mulibe timizere ta mpweya wa haidirojeni, koma muli mzere woonekera bwino wa silikoni. Kusuntha kwa timizereti kumasonyezanso kuti zidutswa za nyenyeziyo zimauluka pa liwiro la makilomita pafupifupi 10,000 pa sekondi imodzi. Pakapita miyezi, timizere ta chitsulo timachuluka, chifukwa nikelo wopangidwa pa kuphulikako amasanduka kobalti, kenako chitsulo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudzira munthu aliyense. Gawo lalikulu la chitsulo cha m'dziko lapansi, cha m'khasu la mlimi ngakhale cha m'magazi a munthu, linapangidwa m'nyenyezi zotere zimene zinaphulika dzuwa lathu lisanakhaleko.

Nyenyezizi ndi muyezonso wa mtunda. Popeza zimawala mofanana ndithu, yooneka yozilala ndiye kuti ili kutali, monga nyali ya galimoto pa msewu usiku. Mu 1998, magulu awiri a akatswiri anagwiritsa ntchito muyezowu ndipo anapeza kuti milalang'amba ikutalikirana pa liwiro lomwe likunka likulirakulira. Saul Perlmutter, Brian Schmidt ndi Adam Riess analandira mphoto ya Nobel mu 2011 chifukwa cha ntchitoyi.

Komabe muyezo uli bwino pokhapokha ukakhala wodalirika. Funso limene akatswiri akulimbana nalo ndi lakuti, kodi nyenyezi zonsezi zimaphulika mwa njira imodzi? Ngati zakale kwambiri zinali zosiyana ndi zapafupi, ndiye kuti mitunda ina iyenera kuwerengedwanso. N'chifukwa chake kuwala kwa nyenyezi yophulika kumapimidwa msanga ikangooneka, kenako mobwerezabwereza mpaka itazilala.

Africa nayo ili m'gulu la ofufuza. Ku Sutherland, m'dziko la South Africa, kuli makina aakulu oonera zakuthambo otchedwa SALT, amene anatsegulidwa mu 2005, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kupatula kuwala kwa nyenyezi.

Njirayi imathandiza ngakhale pa zinthu zakale. Mu 1572, Tycho Brahe wa ku Denmark anaona nyenyezi yatsopano yowala kwambiri. Mu 2008, akatswiri analengeza kuti apima kuwala kwa kuphulika komweko, kumene kunafika mochedwa kutaomba kaye pa fumbi la m'thambo. Timizere take tinasonyeza kuti imene Brahe anaona inali white dwarf yophulika.