MLATHO WA INTANETI UKADUKA

Malangizo kwa aphunzitsi ndi eni marauta a kwa Mphuka

Masiku ano m'dera la Mfumu Mphuka, m'boma la Thyolo, muli masukulu, masitolo ndi nyumba za aphunzitsi mmene mwalowa kabokosi kotchedwa rauta. Kabokosi kameneka, akaikamo simukhadi ya TNM kapena ya Airtel, kamakoka intaneti ku nsanja ya kampani ndi kuigawira mafoni ndi makompyuta popanda waya. Kugawa kotereku ndiko kumene anthu amati Wi-Fi. Koma mphamvu ya rauta imodzi sifika kutali. Chifukwa chake ena amagula rauta yachiwiri naiika m'nyumba ina, kuti izilandira kwa yoyamba ija ndi kupatsira anthu a m'nyumbamo. Rauta yachiwiri ikamagwira ntchito yotere timati yasanduka mlatho. M'kati mwa rauta ntchito imeneyi amailemba ndi mawu akuti Bridge kapena WDS, ndipo ena amalemba Repeater.

Mlatho umenewu ukaduka, anthu ambiri amafulumira kuweruza. Wina amati kampani yamudyera bandulo, nagula ina pamene yoyamba isanathe. Wina amaika rauta m'chikwama, nakwera kabaza ndi minibasi kunka nayo ku Luchenza kapena ku Limbe, kumene mmisiri amakaiyesa naipeza yabwinobwino. Ndalama ya ulendo yapita, tsiku la ntchito lapita, ndipo masiku a bandulo ali kutha popanda woigwiritsa ntchito. Tsono mwezi uno tifuna kufotokoza mmene munthu angafufuzire yekha vuto limeneli. Lamulo lake ndi ili: yambani ndi zapafupi, yesani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo musasinthe chachiwiri musanaone chimene choyamba chachita.

Choyamba: magetsi

Onani ngati timagetsi ting'onoting'ono ta pa marauta onse awiri tili kuyaka. Rauta iliyonse ili ndi adaputala yake, ndipo pansi pa rauta palembedwa mphamvu imene ifuna, kawirikawiri 9V kapena 12V. Musasinthanitse maadaputala. Rauta yolandira mphamvu yoperewera imayaka ndithu, koma imangozima ndi kudzukanso, ndipo nthawi zonse ikadzuka mlatho umaduka.

Amene agwiritsa ntchito sola akumbukire za chiperoni. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imaphimba mapiri a Thyolo masiku angapo motsatizana, batire silidzaza, ndipo rauta imayamba kuvuta madzulo kapena m'bandakucha. Wolakwa pamenepo ndi batire, osati rauta.

Magetsi a ESCOM akathima nabweranso, marauta awiriwo amadzuka pamodzi, ndipo nthawi zina yachiwiri imafunafuna inzake pamene inzakeyo isanakonzeke. Mankhwala ake ndi apafupi. Zimitsani zonse ziwiri. Yatsani yoyamba, mudikire mphindi zitatu. Pamenepo yatsani yachiwiri, mudikirenso mphindi zitatu musanayese foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri: yesani rauta yoyamba payokha

Tengani foni, mukaime pafupi ndi rauta yoyamba, ndipo mulumikize foniyo kwa iyo. Ngati intaneti palibe ngakhale pamenepo, mlatho ulibe mlandu, pakuti sungaolotse chinthu chimene sichinafike pa gombe. Funsani bandulo ngati ikalipo, ndiponso ngati ili ya mtundu woyenera. Pali mabandulo ena ongotsegula WhatsApp kapena Facebook basi, ndipo munthu wogula otere amadabwa kuona mauthenga ali kulowa pamene zina zonse zikana.

Bandulo ikakhala ilipo, chotsani simukhadi muiike m'foni. Ikakananso m'foni, vuto lili ku nsanja ya kampani. Nsanja nazo zimadalira magetsi, ndipo mphepo ndi mvula yamkuntho zimatha kuzisokoneza, monga zinachitikira m'madera ena a Chigawo cha Kummwera pa namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi 2023. Zikatero palibe chimene mungakonze m'nyumba. Dziwitsani a kampani, ndipo musakhudze za m'kati mwa rauta.

Chachitatu: njira ya pakati

Rauta yoyamba ikapezeka yabwino, nyamulani yachiwiri muibweretse m'chipinda chomwecho. Ikagwira ntchito pamenepo koma nikana kunyumba kwake, mwadziwa kuti chovuta ndi mtunda kapena zotchinga.

Wi-Fi ndi mafunde a wailesi, koma ofooka kwambiri. Malata amawabweza, khoma la njerwa limawachepetsa mphamvu, ndipo madzi amawamwa. Tiyi sawavutitsa, pakuti amadulidwa kulekeza m'chiuno, ndipo mafunde amadutsa pamwamba pake. Zimene zimavutitsa kuno ndi zitunda, mitengo ya bulugamu imene maesiteti amabzala kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi, ndiponso nthochi zimene tabzala kuseri kwa nyumba zathu, popeza thunthu la nthochi ndi madzi okhaokha. Mlatho umene unayenda bwino m'chilimwe ungayambe kuvuta m'dzinja, masamba atachuluka ndi kunyowa.

Tsono ikani marauta onse awiri pa mazenera openyana, pamwamba, osati pansi kapena m'kabati. Marauta ambiri a masiku ano ali ndi mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. A 5 GHz amathamanga, koma safika kutali ndipo salimbana ndi makoma. Pomanga mlatho pakati pa nyumba ziwiri ndi marauta wamba, sankhani a 2.4 GHz.

Chachinayi: dzina, mawu achinsinsi ndi tchanelo

Rauta yachiwiri ikakana ngakhale ili pafupi ndi inzake, nthawi yafika yolowa m'kati mwake. Pansi pa rauta palembedwa nambala yonga 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pamodzi ndi mawu olowera. Lumikizani kompyuta kapena foni ku rautayo, mulembe nambalayo pamalo polembapo adiresi mu Chrome, ndipo mudzaona tsamba la zokonzera.

Rauta ya mlatho imasunga dzina la Wi-Fi la rauta yoyamba ndi mawu ake achinsinsi, amene ambiri amati pasiwedi. Kawirikawiri zimachitika motere: mphunzitsi wamkulu aona kuti bandulo ili kutha msanga, nasintha pasiwedi kuti achinyamata a pamsika asalowenso, naiwala kuti rauta yachiwiri nayonso ili kugogoda ndi pasiwedi yakale. Pasiwedi ikasintha kwa yoyamba, iyenera kulembedwanso mwa yachiwiri, ndipo chilembo chachikulu ndi chaching'ono si chimodzi ayi. Mtundu wa loko nawo ufanane. Sankhani WPA2 kwa onse awiri, pakuti marauta akale sadziwa loko watsopano wa WPA3, amene anatuluka m'chaka cha 2018.

Chinanso ndi tchanelo. Monga wailesi ya m'nyumba ili ndi masiteshoni, rauta nayo ili ndi matchanelo. Rauta yoyamba ikasiyidwa pa mawu akuti Auto, imadzisankhira tchanelo nthawi iliyonse ikadzuka, ndipo marauta ena a mlatho amatsalira pa tchanelo chakale, kumvetsera pamene palibe wolankhula. Ngati mlatho wanu umaduka nthawi zonse magetsi akathima, yambani mwaona pamenepa. Chotsani Auto, musankhe tchanelo 1, 6 kapena 11, ndipo muike nambala yomweyo kwa onse awiri.

Dziwaninso kuti njira ya WDS makampani sanaipange mofanana, kotero marauta a makampani awiri osiyana nthawi zina amakana kumvana. Zikatero yesani Repeater kapena Client ngati mawuwo alipo. Koma chenjerani: zonsezi zichitike pa rauta yachiwiri. Mukasankha Bridge pa rauta yoyamba, ya simukhadi ija, tanthauzo lake ndi lina. Imaleka kugawa intaneti kwa anthu ambiri, ndipo nyumba zonse ziwiri zimakhala opanda kanthu.

Chachisanu: mafumu awiri m'mudzi umodzi

Vuto ili ndilo limazunguza anthu koposa, chifukwa foni imaonetsa kuti yalumikizidwa, timizere ta Wi-Fi tadzaza, koma palibe chimene chitseguka. Kapena foni ya mwamuna ili kuyenda pamene ya mkazi wake ikana, mawa lake n'kusinthana.

Kuti timvetse, tiyerekeze ndi mudzi. Foni kapena kompyuta iliyonse ikalowa pa Wi-Fi iyenera kupatsidwa nambala yakeyake, monga mlendo amapatsidwa malo ndi mfumu, ndipo amauzidwanso njira yotulukira kunka kunja. Ntchito yogawa manambala imeneyi dzina lake ndi DHCP. Rauta iliyonse imachoka ku fakitale ili mfumu payokha, yokonzeka kugawa malo. Mukalumikiza ziwiri osatsitsa imodzi pampando, zonse zimagawa. Foni imamvera imene yayamba kuyankha. Ikamvera yoyamba, zinthu zimayenda. Ikamvera yachiwiri, imaloza khomo limene silituluka kunja. Mlatho suyenera kukhala mfumu. Ntchito yake ndi ya mthenga, kulandira ndi kupereka basi. Marauta ena amadzitsitsa okha mukasankha Repeater, koma ambiri a WDS amafuna kuti mwini wake azimitse DHCP ndi dzanja lake.

Ndiponso marauta awiriwo asakhale ndi nambala imodzi. Ambiri amagulidwa ali ndi nambala yofanana, ndipo zimakhala ngati nyumba ziwiri za bokosi limodzi la ku positi. Chitani motere, ndipo mutsate ndondomeko yake:

1. Onani nambala ya rauta yoyamba. Tinene kuti ndi 192.168.8.1.

2. Lowani m'rauta yachiwiri, pa mawu akuti LAN, muipatse nambala yofanana ndi ya yoyamba m'zigawo zitatu zoyambirira, koma yosiyana kumapeto, monga 192.168.8.2. Ikadzukanso mudzailowa ndi nambala yatsopanoyi.

3. Sankhani WDS kapena Bridge, mupeze dzina la rauta yoyamba, mulembe pasiwedi yake ndi tchanelo chake.

4. Potsiriza penipeni, zimitsani DHCP ya rauta yachiwiri, ndipo muizimitse ndi kuiyatsanso.

Mukayamba ndi kuzimitsa DHCP, kompyuta yanu idzasowa woipatsa nambala, ndipo mudzadzitsekera kunja ntchito isanathe. Mukatsiriza zonse, yang'anani nambala imene kompyuta yalandira. Ikayamba ndi 192.168.8 monga ya rauta yoyamba, mlatho walumikizika. Ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyuta yadzipatsa yokha chifukwa palibe mfumu imene yaiyankha, ndipo muyenera kubwerera ku dzina, pasiwedi ndi tchanelo.

Za kabatani ka Reset

Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset. Mukalowetsamo kachitsotso ndi kukanikiza masekondi ngati 10, rauta imaiwala zonse zimene inaphunzitsidwa nibwerera monga inachokera ku sitolo. Kabatani kameneka si koyambira ayi. Kagwireni pokhapokha mwayesa zonse tatchulazi, kapena mwadzitsekera kunja, ndipo kakhale ka rauta yachiwiri yokha.

Zimene mlatho sungathe

Rauta ya mlatho ya mafunde amodzi ili ngati womasulira m'tchalitchi: imamvetsera kaye, kenaka n'kulankhula. Chifukwa chake liwiro la intaneti m'nyumba yachiwiri limatsika pafupifupi ndi theka. Kumeneku si kuonongeka, ndi chibadwa chake. Amene afuna liwiro lonse agule waya wa netiweki, umene umanyamula bwino mpaka mamita 100. Koma waya wodutsa panja ungaitane ngozi m'nyengo ya ziphaliwali, kotero uyenera kuzulidwa mvula ya mabingu ikamayandikira. Nyumba zikatalikirana kwambiri, pali zipangizo zina zomangirira pa mtengo kunja, zimene zimaloza mafunde kumalo amodzi, koma nazonso zimafuna kuonana popanda chitunda pakati. Ntchito imeneyo itanirani mmisiri wodziwa.

Pomaliza tipempha sukulu iliyonse ndi banja lililonse lokhala ndi marauta kuti likhale ndi kope laling'ono. M'kopemo mulembe nambala za marauta onse awiri, dzina la Wi-Fi, pasiwedi, tchanelo, ndi tsiku limene chinthu chinasinthidwa, ndipo lisungidwe ndi munthu mmodzi wodalirika. Mphunzitsi amene anamanga mlatho angasamutsidwe kunka ku sukulu ina, koma kope lidzatsala. Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga, awerengereni anzanu malangizo awa, ndipo mnansi akabwera ndi rauta m'manja ali pa ulendo wa ku Limbe, yambani mwamufunsa ngati wayesa zisanu zimenezi.