Chibayo cha ana: malangizo a papepala akafika pamzere wa kuchipatala

Malangizo a bungwe la zaumoyo la WHO ochizira chibayo kwa ana osakwana zaka zisanu analembedwa poganizira namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene alibe makina ojambulira m'chifuwa. Zida zake ndi maso ndi wotchi. Kuno ku Malawi malangizowa amagwira ntchito kuyambira pa zipatala zazikulu mpaka pa kiliniki za kumudzi.

Mphindi imodzi yathunthu

Mwana akabwera akutsokomola kapena kubanika, choyamba n'kuwerenga kapumidwe kake. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, ndiye kuti akupuma mofulumira. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zinayi malire ake ndi 40. Khanda losakwana miyezi iwiri, 60.

Kunena n'kosavuta. Koma mwanayo ayenera kukhala phee, osalira, osayamwa, ali pamiyendo pa mayi ake malaya atakwezedwa. Panja mzere wa amayi wafika pamtengo wa mango, ndipo wachipatala ndi mmodzi. Apa m'pamene chiyeso chimabwera: kuwerenga theka la mphindi n'kuwirikiza kawiri, kapena kungoyang'ana n'kulemba mankhwala. Mwana wamng'ono sapuma mofanana, amathamanga kenako n'kupumira, choncho theka la mphindi limanamiza. Wa chimfine chabe amapita ndi mankhwala osafunika, wa chibayo n'kubwerera kunyumba ndi panado. Ine ndimaona kuti malangizo onsewa amaima kapena kugwa pa mphindi imeneyi.

Wakunyumba ndi wogonekedwa

Mu 2014 WHO inasintha malangizo. Kale mwana amene nthiti zikulowa mkati akamakoka mpweya ankatumizidwa kukagonekedwa. Tsopano, ngati wakwana miyezi iwiri ndipo alibe chizindikiro choopsa kapena vuto lina lalikulu, atha kumwera kunyumba amoxicillin kawiri pa tsiku kwa masiku asanu. Zizindikiro zoopsazo ndi kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka ndi kulefuka kwambiri. Mwana wotere alandire mankhwala oyamba pomwepo, ulendo wa ku chipatala chachikulu usachedwe.

"Wayamba kusewera, ndasiya"

Mawu ngati amenewa achipatala amawamva kawirikawiri. Tsiku lachitatu thupi lazizira, mwana akukwawa pabwalo, mapiritsi otsala asungidwa kuti adzathandize m'bale wake. N'chifukwa chake kulemba m'buku la kuchipatala sikukwanira. Mayi aonetsedwe kusungunula piritsi m'madzi pang'ono, ammwetse mwana koyamba pamaso pa namwino, ndipo auzidwe kuti kupuma kukavuta abwerere usiku omwewo, osadikira kucha.

Okisijeni ndi phunziro la ku Salima

Kachipangizo kopanira pa chala kamaonetsa kuchuluka kwa okisijeni m'magazi. Kakawerenga pansi pa 90, mwana akufunika mpweya wapamphuno, ngakhale maso akuona ngati ali bwino. Komatu kachipangizo ka akuluakulu sikagwira bwino pa kachala ka khanda, ndipo makina opangira okisijeni amazima magetsi akathima.

Makina othandiza kupuma a CPAP, monga Pumani amene anayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, athandiza makanda ambiri obadwa masiku asanakwane. Koma kafukufuku wa pa chipatala cha boma cha Salima, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anadabwitsa anthu. Pakati pa ana odwala chibayo choopsa amene analinso ndi mavuto ena monga kunyentchera kapena HIV, m'wodi mopanda dokotala wowazungulira tsiku ndi tsiku, oikidwa pa CPAP anamwalira ambiri kuposa olandira okisijeni wamba. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane.