Kuwerenga Chilembo cha Ex pa Bokosi la Switchi

M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza malamulo amene amatsogolera amisiri a zamagetsi posankha ndi kuika mabokosi a switchi pamalo pomwe pamapezeka mpweya woyaka, monga pomwetsera mafuta galimoto, mosungira gasi ndi m'migodi ya malasha. Maphunziro anga ndi a zilankhulo ndi zolembalemba, osati a zamagetsi. Komabe malamulowa amafika kwa munthu wamba kudzera m'zilembo zochepa zodindidwa pa chitsulo, ndipo kuwerenga zilembo ndiyo ntchito yathu. Kwathu ku Dedza nkhaniyi si yachilendo: matanki a mafuta ochokera ku Beira amalowera pa chipata chathu cha m'malire ndi Mozambique n'kutsata msewu wa M1, ndipo pa boma pali malo angapo omwetsera mafuta.

Gwero la vuto ndi laling'ono kwambiri. Switchi iliyonse ikamatsegulidwa kapena kutsekedwa, tizitsulo tiwiri ta mkati mwake timagundana kapena kulekana, ndipo pakati pake pamathetheka kambaliwali. Amene anazimitsapo getsi mumdima anakaona kakuwala kabuluu kuseri kwa pulasitiki. M'nyumba wamba kamoto kameneka sikapweteka munthu. Koma kakakumana ndi nthunzi ya petulo yosakanikirana bwino ndi mpweya, kamakwanira kuyatsa malo onse.

Apa chilankhulo chathu chimatipatsa ntchito. Liwu loti mpweya limanyamula katundu wambiri: ndi umene timapuma, ndi umene timapopera m'tayala la njinga, ndi umene umatuluka m'silinda yophikira, ndiponso ndi fungo loipa la m'chimbudzi. Mmisiri sangakhutire ndi liwu limodzili, chifukwa mipweya imeneyi imasiyana khalidwe. Nthunzi ya petulo ndi gasi wophikira n'zolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho zimatsikira pansi n'kukadikha m'maenje ndi m'ngalande ngati madzi. Methane wa m'migodi ndi wopepuka, amakwera kudenga. Kuti methane ayake, ayenera kukhala pakati pa magawo 5 ndi 15 pa magawo 100 aliwonse a mpweya. Petulo amangofuna gawo limodzi ndi theka basi. Ndipo wina asanamizidwe ndi chisanu chathu cha mu Juni: petulo amatulutsa nthunzi yokwanira kuyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, kuzizira kumene Phiri la Dedza silinakuonepo.

Malamulo amene maiko ambiri amatsata pa nkhaniyi ali m'mabuku a bungwe la International Electrotechnical Commission, pansi pa nambala ya IEC 60079. Ku America ali ndi njira yawoyawo yogawira malo m'buku lawo la National Electrical Code, ndipo ku South Africa, kumene zipangizo zathu zambiri zimachokera, ali ndi SANS 10108. Onsewa amayamba ndi funso limodzi, lomwe silikhudza switchi ayi koma malo: kodi mpweya woyaka umapezeka pano kangati? Pomwe umakhalapo nthawi zonse kapena nthawi yaitali amati Zone 0, mwachitsanzo mkati mwa thanki ya pansi pa nthaka, pamwamba pa mafuta. Pomwe umayembekezeka kupezeka ntchito ikamayenda monga mwa masiku onse amati Zone 1, monga m'kati mwa pampu kapena m'dzenje la pakamwa pa thanki. Pomwe umangofika mwangozi, kwa kanthawi kochepa, amati Zone 2. Malo akagawidwa chotere, uphungu woyamba ndi wosavuta: ngati n'kotheka, switchi ikaikidwe kunja kwa magawo onse atatuwa. Ndi chifukwa chake bolodi ya magetsi a pa siteshoni imakhala m'nyumba, patali ndi mapampu.

Koma pali switchi zina zimene sizingathawe. Izi ndizo zimaikidwa m'bokosi lotchedwa flameproof, lomwe chizindikiro chake ndi Ex d. Liwu la Chingerezili limasocheretsa, ndipo womasulira wosasamala angalembe kuti bokosi losapsa ndi moto kapena bokosi losalowa mpweya. Zonse ziwirizi n'zolakwika. Opanga bokosili amavomereza kuti mpweya woyaka udzalowamo ndithu, popeza chitsulo chikatentha masana n'kuzizira usiku bokosi limakhala ngati likupuma. Amavomerezanso kuti tsiku lina mpweyawo udzaphulika mkatimo. Ntchito ya bokosi ndi kupirira kuphulikako osang'ambika, ndi kuonetsetsa kuti moto usatulukire kunja. Pakati pa chivundikiro ndi thupi la bokosi amasiyapo kampata kopyapyala, kosakwana milimita imodzi, koma kotalikirapo. Mpweya wotentha ukamadzipanikiza kudutsa m'kampatako, chitsulo chimauyamwa kutentha, ndipo umatuluka utazirala moti sungayatsenso wa panja. Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1815 Humphry Davy wa ku England anapangira anthu a m'migodi nyale yokutidwa ndi kansefa kachitsulo, ndipo lawi linkalephera kudutsa m'timabowo take pa chifukwa chomwechi. Ndikanafunsidwa ine, ndikanati m'Chichewa tizingoti bokosi lotsekera moto mkati.

Tikamvetsa zimenezi, malamulo ena onse amene amaoneka ngati ovutitsa amamveka okha. Mabawuti onse a chivundikiro ayenera kukhalapo ndipo amangidwe zolimba, chifukwa limodzi likasowa kampata kaja kamakula. Pamene zitsulo zimakumana sapakapo penti, ndipo pakachita dzimbiri kapena pakakandika ndi sikuludiraiva bokosilo latha ntchito. Saloledwa kuboola bowo latsopano. Waya amalowera pa chomangira chake chovomerezeka, ndipo bowo losagwiritsidwa ntchito amalitseka ndi chotsekera chopangidwira ntchitoyo, osati kansanza kapena tepi. Bokosi satsegula magetsi ali moyaka. Ife Amalawi timatamandika ndi luso lokonza chilichonse ndi waya komanso mphira wa chubu, ndipo lusoli latipulumutsa kambirimbiri, koma pa bokosi ili ndi luso lomwelo limene lingaphe anthu. Tisasokonezenso bokosi limeneli ndi lija loletsa mvula ndi fumbi lolembedwa IP65. Kuletsa madzi ndi nkhani ina, kutsekera moto ndi nkhani inanso.

Pali njira zina zotetezera. Ex p imatanthauza bokosi lomwe amalipopera mpweya wabwino kuti woipa usapeze polowera. Ex i imatanthauza kuchepetsa mphamvu ya magetsi mpaka kambaliwali kake kasathe kuyatsa kanthu, ndipo mtundu wake wokhwima, Ex ia, umaloledwa ngakhale mu Zone 0. Njira imeneyi inabadwa m'maliro. Pa 14 Okutobala 1913 mgodi wa Senghenydd ku Wales unaphulika n'kupha anthu 439, ndipo ofufuza anakayikira mawaya a belu lamagetsi limene anthu ankaliza pogundanitsa mawaya awiri osakutidwa. Ifenso mpweya wa m'migodi unatilirako. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa malasha wa Wankie, komwe lero ndi ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, unaphulika ndi methane pamodzi ndi fumbi la malasha. Anthu 427 anafa, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi amene anapita kukagwira ntchito.

Tsopano tiwerenge chilembo chenichenicho. Tiyerekeze kuti pa bokosi padindidwa Ex db IIA T3 Gb. Kwa ine ichi ndi chiganizo chathunthu, chokhala ndi mawu ake m'ndondomeko yosasinthika. Ex akuti chipangizochi chinapangidwira malo owopsa. Zilembo za db zikutchula njira yotsekera moto mkati. II akuti ndi cha pamtunda, popeza I ndi wa m'migodi. A akutchula gulu la mpweya: IIA ndi la propane ndi petulo, IIB la ethylene, ndipo IIC la hydrogen ndi acetylene wa owotcherera zitsulo, amene sachedwa kuyaka ndipo amafuna kampata kopyapyala koposa. Bokosi la IIC likhoza kugwira ntchito pamalo a IIA, koma la IIA silingalowe m'malo mwa IIC. T3 akulonjeza kuti kunja kwa bokosi sikudzatentha kupitirira madigiri 200, chifukwa chitsulo chotentha chimayatsa mpweya ngakhale popanda kambaliwali. Manambalawa amayambira pa T1, madigiri 450, kutsika mpaka T6, madigiri 85. Gb akuti n'loyenera mu Zone 1 ndi Zone 2. M'chiganizo chimenechi mulibe liwu la Chichewa ngakhale limodzi, ndipo sindikuona chifukwa chomasulira zilembozo. Chofunika kumasulira ndi chenjezo lolembedwa pambali pake, loletsa kutsegula magetsi asanazimitsidwe, pakuti amene amasesa ndi kutsuka pa siteshoni si mainjiniya.

M'dziko muno malamulo a zamagetsi ndi a zamafuta ndi gasi anakonzedwanso mu 2004, ndipo bungwe la MERA ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa mafuta komanso kwa amisiri olumikiza magetsi. Koma chiphaso chimafika pa siteshoni, sichifika m'nyumba. Mafuta atasowa mu 2011 ndi 2012, ngakhalenso m'zaka zaposachedwapa, anthu ambiri ankasunga petulo m'zigubu kuchipinda, ena kuti azigulitsa m'mbali mwa msewu. Chipinda chotseka mazenera chifukwa cha chisanu, chokhala ndi chigubu chosatsekeka bwino, chimasanduka malo owopsa ngati m'kati mwa pampu, pomwe switchi ya pakhoma ndi yapulasitiki wamba. Chimodzimodzi kukhitchini komwe silinda ya gasi ikudontha. Munthu akamva fungo asakhudze switchi iliyonse, kuyatsa kapena kuzimitsa, pakuti zonse ziwiri zimathethetsa moto. Atseke silinda, atsegule zitseko ndi mazenera, atulutse anthu, ndipo akumbukire kuti gasiyo ali pansi, m'mene mumakwawa ana ndi momwe muli injini ya firiji imene imadziyatsa yokha.