Makutu a Woyimba Salira Pachabe

Shoo ikatha m'bandakucha, anyamata a bandi ali kalikiliki kupinda mawaya ndi kukweza masipika m'lole, pamatsala phokoso lina limene silizima ngakhale jenereta atayithimitsa. Lili m'mutu mwa woyimba ng'oma, mwa wa besi, ndi mwa uja waima pafupi ndi monita usiku wonse. Makutu amangolira kuti ziii, mawu a anzake n'kumamveka patali. Ambiri amangoseka n'kumati, "Saundi lero inalipo, makutu achita kutseka." Akagona, pofika madzulo kulirako kwatha, Loweruka linalo ali pasiteji pomwe paja.

Khutu likalira chotero ndiye kuti lavulala. Mkati mwenimweni mwake, kupitirira kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera mawu akalowa, muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. Kachiwaloka ndi kodzaza ndi timadzi, ndipo m'menemo mwandanda timaselo pafupifupi 16,000 tokhala ndi titsitsi pamwamba pake. Mawu akagwedeza timadzito, titsitsi timawerama, ndipo kuwerama kumeneku ndi kumene kumatumiza uthenga ku ubongo. Phokoso likanyanya, timawerama mopitirira muyezo. Zili ngati udzu wa padambo: mukaupondapo kamodzi umadzuka m'mawa mwake, koma mukamadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku pamasanduka njira. Kungoti njira ya padambo mukaileka, mvula ikagwa udzu umaphukanso, pomwe timaselo ta m'khutu la munthu tikafa ndiye tafa. Mbalame ndi nsomba zimameretsa tina tatsopano. Ife tilibe mwayi umenewo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kugonthaku kumabwera mozemba. Timaselo toyamba kufa ndi tija timamva mawu ang'onoang'ono okwera, ogwedezeka maulendo pafupifupi 4,000 pa sekondi, ndipo kumeneko ndi kumene kumakhala malembo monga s, f ndi ts. Munthu amamva ndithu kuti wina akulankhula, koma mawu ake sakugwirika, makamaka paukwati, m'minibasi kapena pamsika. Kunyumba amayamba kumunena kuti ndi wamwano, sayankha akamuitana. Pasiteji amangokodola wa pamiksa: "Achimwene, kwezaniko monita yangayi." Ikakwera, khutu limavulala koposa, sabata yamawa n'kupemphanso kuti ikwere. Wojambula nyimbo musitudiyo naye amawonjezera mawu okwera aja poganiza kuti akuchepa, ndipo nyimbo imatuluka yobaya m'makutu mwa ena onse, iye yekha n'kumaimva yokoma.

Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo. Macheza a anthu awiri amakhala cha m'ma 60. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha anthu pantchito la NIOSH limati pa madesibelo 85 munthu asapitirire maola 8 patsiku, ndipo pakangowonjezereka madesibelo atatu, nthawiyo idulidwe pakati. Ndiye kuti pa 88 ndi maola anayi, pa 94 ndi ola limodzi, pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Pafupi ndi masipika a shoo yaikulu, 100 amafikapo mosavuta, nthawi zina kupitirirapo. Tsono taganizani za bandi imene yayamba masana Lamlungu n'kudzatsika pasiteji usiku, itayimba kale Lachisanu ndi Loweruka. Palinso wa ng'oma kutchalitchi, m'holo yamalata imene imabweza phokoso, ndi DJ wa paukwati amene amakhala kumbuyo kwa masipika kuyambira perekaniperekani mpaka kutseka. Wopanda chida choyezera angathe kudziwa motere: ngati muyenera kukuwa kuti munthu amene ali mita imodzi kuchokera pamene muli akumveni, ndiye kuti mwafika kale cha pa 85.

Kafukufuku wa ku Germany amene anatuluka mu 2014, wochokera m'mabuku a inshuwalansi ya zaumoyo a anthu mamiliyoni, anapeza kuti oyimba amene nyimbo ndiyo ntchito yawo amagontha chifukwa cha phokoso pafupifupi kanayi kuposa anthu ena. Mu 2016, Brian Johnson wa gulu la AC/DC anasiyira panjira ulendo wa mashoo madokotala atamuchenjeza kuti akapitiriza agontheratu. Chris Martin wa Coldplay wakhala akunena poyera kuti makutu ake amalira kosalekeza, ndipo sakweranso pasiteji osawateteza. Amenewo ndi anthu a ndalama zawo, a madokotala awoawo. Woyimba wa ku Ndirande kapena ku Kawale akagontha, ndani adzamulipirira kachipangizo kothandiza kumva?

Kwathu kuno pali chinanso. Akuluakulu amakumbukira mmene kwinini ankalizira makutu munthu akadwala malungo. Mankhwala ena obaya, monga gentamicin ndi streptomycin, nawonso amatha kupha timaselo tomwe tija, ndipo khutu lofooka kale ndi phokoso silichedwa kugonja. Sindikunena kuti woyimba azikana mankhwala, ayi. Moyo uli patsogolo. Koma auze adokotala kuti ntchito yake ndi ya makutu, ndipo akamva kulira kwachilendo ali pamankhwala, abwerere kuchipatala msanga.

Khutu likavutika, kholingo nalo limalowa m'mavuto, pakuti woyimba amene sakudzimva amakuwa. Mawu amatuluka pa timinofu tiwiri ta pakhosi timene timawombana maulendo opitirira 100 pa sekondi kwa abambo ndi opitirira 200 kwa amayi, ndipo pa manoti okwera timawombana koposa pamenepo. Kukakamiza kwa maola ambiri kumatupitsa timinofuti, kenako pamatuluka timatuza kapena tizipsera tolimba. Adele anachitidwa opaleshoni ku Boston mu 2011 kamtsempha ka pamenepo kataphulika, ndipo anakhala milungu ingapo osalankhula. Mowa ndi utsi wa fodya zimaumitsa pakhosi. Tchipisi ndi kanyenya wa 3 koloko usiku, munthu n'kupita kukagona pomwepo, zimabweretsa chilungulira chimene chimawotcha kholingo iye ali m'tulo. Kunong'ona sikupumitsa mawu monga ambiri amaganizira. Kukhala chete, kumwa madzi ndi kugona ndiko kumathandiza. Mawu akasasa kupitirira milungu itatu, imeneyo ndi nkhani ya dokotala, osati ya tiyi wa mandimu ndi jinja.

Oyimba ambiri amaopa kukhala chete. Amaona ngati tsiku lopanda mahedifoni ndi tsiku lotayika, ndipo nyimbo zikawathera m'mutu amathamangira kumvera za ena ambirimbiri. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene amadzilanda kawiri. Chete amene khutu limafuna kuti lichire ndi yemweyo amene nyimbo yatsopano imafuna kuti imveke. Paul McCartney anadzuka m'tulo ali ndi chuni cha "Yesterday" m'mutu. Mu 1965 Keith Richards anadzidzimuka pakati pa usiku, n'kujambula kachuni ka gitala ka "Satisfaction" pa kaseti imene inali pambali pa bedi, n'kugonanso. M'mawa anakapeza kali pa tepi pamodzi ndi mkonono wake. Asayansi amati munthu akagona ubongo umasanja ndi kulumikiza zimene waphunzira masana, kuphatikizapo luso la zala pa gitala kapena pa kiyibodi. Mu 2014 ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anapezanso kuti anthu amatulutsa maganizo atsopano ochuluka akamayenda pansi kusiyana ndi akakhala pampando. Kuyenda kopanda kanthu m'makutu, kumva amayi akutsatsa malonda, ana akusewera, anthu akukambirana zawo pa siteji ya basi, n'kumene kumapatsa wopeka nyimbo mawu amene anthu adzawazindikire kuti ndi awo. Wogontha theka amaphonya zonsezo.

Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930, ndipo anali ndi zaka 90 pamene nyimbo zimene anajambula ndi Patience Namadingo mu 2020 zinamubweretsera omvera atsopano. Ntchito ya nyimbo imatha kutalika chotero. Mnyamata wa zaka 25 amene lero waima kutsogolo kwa sipika akuwononga makutu amene angadzawafune zaka 60 zikubwerazi.

Pankhani yodziteteza, thonje la m'makutu silitchinga kanthu kwenikweni. Timasiponji timene amavala anthu a m'mafakitale timathandiza, ngakhale oyimba amadandaula, ndipo sakunama, kuti timaphimba mawu okwera nyimbo n'kumamveka yobanika. Tilipo tina topangira oyimba timene timachepetsa mawu onse mofanana ndi madesibelo 9, 15 kapena 25, ndipo mtengo wa tosavuta suposa kwambiri wa mawaya abwino a gitala. Kutalikirana ndi sipika kumathandizanso: pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Amene amagwiritsa ntchito monita ya m'khutu asamavule kumodzi, chifukwa amakakamizika kukweza kwinako mopitirira. Eni malo a zisangalalo nawo ali ndi gawo lawo. Mu 2022 bungwe la WHO linatulutsa muyezo woti phokoso la pamalo otere lisapitirire madesibelo 100 poyeza pa mphindi 15, kuti pazikhala malo opumirako makutu, ndiponso kuti zotchingira m'makutu zizipezeka pomwepo.

Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli gawo loyeza makutu, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Kuyezako sikupweteka. Munthu amalowa m'kachipinda kachete, amavala mahedifoni, n'kumadina batani kapena kukweza dzanja akamva kamawu. Pepala limene amapatsidwa limasonyeza ngati pa 4,000 paja payamba kale kutsika, nthawi zambiri mwini wake asanazindikire chilichonse, pamene timaselo tambiri tikadali tamoyo.