Sopo wopha tizilombo: kodi khungu lanu likumufunadi?

Pa ntchito yanga yoona odwala matenda a pakhungu, ndisanalembe mankhwala ndimayamba ndafunsa kuti munthu amasambira sopo wanji. Ambiri amayankha monyadira kuti amagula wamankhwala, uja amati amapha tizilombo. Amakhala atadzimana zina kuti ateteze banja lawo, n'chifukwa chake zimandikhudza powauza kuti sopo wamba akanawathandiza chimodzimodzi.

Ntchito yaikulu ya sopo ndi kuchotsa tizilombo, osati kutipha. Tizilombo timakakamira m'mafuta ndi m'litsiro la pakhungu. Thovu limasungunula mafutawo, mukamadzikhula litsiro limamatuka, madzi n'kukokolola zonse. Mankhwala opha mabakiteriya amafuna nthawi kuti agwire ntchito, pamene posamba amangokhala pakhungu kamphindi n'kutsukidwa.

Zimenezi zinayesedwa pa anthu enieni. Mu 2005 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku Karachi, m'dziko la Pakistan. Mabanja ena anapatsidwa sopo wamba, ena sopo wokhala ndi mankhwala opha mabakiteriya otchedwa triclocarban, ndipo onse ankalimbikitsidwa kusamba m'manja. Chibayo mwa ana osakwana zaka 5 chinatsika ndi theka, kutsegula m'mimba kunatsikanso motero. Pakati pa sopo awiriwo panalibe kusiyana. Mu 2016 bungwe la FDA la ku America linaletsa mankhwala 19, kuphatikizapo triclosan ndi triclocarban, kuikidwa m'sopo wosambira wogulitsidwa kwa anthu wamba, chifukwa opanga analephera kusonyeza kuti amaposa sopo wamba kapena kuti savulaza akagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri.

Kuipa kwa sopo wamankhwala kulipo. Pakhungu labwinobwino pamakhala mabakiteriya ambirimbiri amene ndi anzathu. Amodzi mwa iwo, Staphylococcus epidermidis, amatsekereza malo kuti oyambitsa matenda asakhazikike. Mukamawapha tsiku ndi tsiku ndi sopo waukali, khungu limauma, limayabwa, limang'ambika, ndipo ming'aluyo ndi khomo la matenda. Ana a chikanga ndiwo amavutika koposa. Kafukufuku wa mu labotale wasonyezanso kuti mabakiteriya akazolowera triclosan amatha kuyamba kukana ngakhale mankhwala ena amene timadalira m'chipatala.

Amayi, apa ndikupempheni mwapadera. Musalowetse sopo aliyense, makamaka wamankhwala, m'kati mwa njira ya chiberekero. Mmenemo muli mabakiteriya otchedwa lactobacilli amene amasunga asidi woteteza malowo. Akatha, mpamene kumayamba kuyabwa ndi chikazi chonunkha, mayi n'kuwonjezera kutsuka poganiza kuti ndi uve, vuto n'kukulirakulira. Kutsuka kunja ndi madzi oyera n'kokwanira.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi nthawi imene imatayika. Mwana akatuluka mphere, makolo amamusambitsa ndi sopo wamankhwala kwa masabata, akudikira kusintha. Komatu mphere zimayamba ndi kanthata kokumba pakhungu, ndipo sopoyo sakapha. Pamafunika mankhwala opaka monga benzyl benzoate, onse a m'nyumbamo apake nthawi imodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe. Zipere nazo zimayamba ndi mafangayi, ndipo zikakhala m'mutu zimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa masabata angapo. Mwana akamafika kwa ife amakhala atadzikanda mpaka zilonda zamafinya, abale ake onse atatengera.

Mankhwala osambira opha tizilombo ali ndi malo ake. M'chipatala timagwiritsa ntchito chlorhexidine poyeretsa khungu munthu asanachitidwe opaleshoni, ndiponso pamchombo wa khanda. Wodwala zithupsa zobwerabwera tingamuuze kuti asambire mankhwala otere kwa masiku owerengeka. Pamenepo pamakhala matenda odziwika, mlingo wake ndi tsiku losiyira.

Kunyumba, ndalama ya sopo mmodzi wodulayo gulirani sopo wamba wokwanira, wina akhale kubafa, wina pa mpondagiya pafupi ndi chimbudzi. Kolera amene anatisautsa mu 2022 ndi 2023 amayenda m'madzi, m'chakudya ndi m'manja osasamba. Pakani thovu kwa masekondi 20, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe, pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndiponso musanadye, ndipo tsukuluzani ndi madzi othirirana, osati a m'beseni imodzi.