MBALE ZA PAUL NGOZI

Madzulo ano ndifuna kukamba za woimba mmodzi, malemu Paul Ngozi, ndi za mbale zace za galamafoni. Kwathu ndi kwa Mlolo, m'boma la Chadiza, ndipo kumeneko ndakhala ndikusonkhanitsa mbale zakale zimene abale athu anabwera nazo m'masutikesi pobwerera kucokera ku nchito ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Mufulira. Mwa zonsezo, zimene ndisamala koposa ndi za munthu ameneyu.

Dzina lace leni-leni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa m'caka ca 1949, nakulira m'komboni ya Chibolya ku Lusaka. Ataimba kanthawi ku Nairobi m'gulu la Mosi-oa-Tunya, anabwerera kwao nayambitsa gulu lace-lace, Ngozi Family, m'mene Chrissy Zebby Tembo anali woimba ng'oma. Mbale yao yochedwa Day of Judgement inaturuka mu 1976, ndipo ina, 45,000 Volts, mu 1977. Masiku amenewo Dr. Kaunda anali atalamula kuti pa wailesi pazimveka makamaka nyimbo za m'dziko lino; cotero anyamata a magitala anapeza mpata, ndipo ku Ndola kampani ya Teal inali kuumba mbale zao. Maimbidwe amenewa ndiwo achedwa Zamrock.

Akulu ambiri pomva gitala la Paul Ngozi amati, ili ndi phokoso cabe. Tiyeni tione kumene phokosolo licokera. Pakati pa gitala la magetsi ndi bokosi lokuza mau woimba amaika kabokosi kena kakang'ono kamene amaponda ndi phazi. Azungu akacha fuzz. Kabokosi kameneka kamakankha mau mopyola muyeso, kotero kuti saturuka osalala iai, koma osasa ndi onjenjemera, monga njuci zikamaturuka mumng'oma. Luso limeneli analitengera kwa oimba a kunja onga Jimi Hendrix wa ku America, amenenso nthawi zina anali kuimba gitala ndi mano, monga anacitira Ngozi.

Koma kodi kusasa kumeneku nkwacilendo m'makutu mwathu? Iai. Kumbukirani kalimba ka agogo athu kum'mawa kuno. Pa kabowo kace amamatapo kacikopa koyera kamene kangaude afundikira mazira ace, kuti mau asamaturuke owuma koma azinjenjemera. Kalimba kopanda kunjenjemera tinali kukayesa kosatha kupangidwa. Cotero Ngozi, pogwira cida ca Azungu, anapezamo cinthu cimene khutu la Mcewa linacikonda kale-kale.

Cina copambana ndi cinenero cace. Nyimbo zina anaimba m'Cingerezi, koma zambiri anaimba m'Cinyanja ca m'tauni, cija cimene muyankhula pa msika ndi m'basi, osati ca m'mabuku. Ndipo nkhani zace zinali zanu zomwe: umphawi wa m'komboni, miseche ya anansi, makolo oiwala ana cifukwa ca mowa, ndi imfa imene idikira munthu aliyense. Mau ace sanali okometsedwa. Anali kudzudzula monga malume wobwera kudzaweruza mlandu pa khomo la mlongo wace. Nyimbo zace nzazifupi, ng'oma igunda molunjika, ndipo gitala liyankha mau monga anthu abvomera nyimbo pa mtondo.

Nyengo yabwinoyo siinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975, ndipo pang'ono-pang'ono ndalama zinasowa m'matumba a anchito. Pambuyo pace anadza makaseti, amene munthu aliyense anakhoza kujambula kwa mnzace osalipira woimba. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ali ndi zaka 40 zokha. Mbale zace tinaziponya kuseri kwa nkhokwe; zina ana anaseweretsa ngati mawilo a galimoto lamawaya.

Tsono imvani codabwitsa. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inafuna-funa mbale zimenezi niziumbanso zatsopano. Ndipo mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi yochedwa Nizakupanga Ngozi nacilowetsa m'nyimbo yace, Noid. Cinyanja ca ku Chibolya cinamveka m'maiko akutali, pamene ife eni ace tinali titataya mbalezo.

Cifukwa cace ndikupemphani, abale anga: ngati m'nyumba mwanu mwatsala mbale yotere, isungeni. Nyimbo ikhala m'kamzere kang'ono kozungulira m'mene singano iyendamo, ndipo kamzereko kakakandika, nyimbo yafa. Musaigwire pamizere ndi zala, koma m'mphepete. Muiimike ciriri m'cikuto cace, kutali ndi dzuwa ndi moto, pakuti ikatenthedwa ipindika. Muipukute ndi kansaru kofewa motsata mizere, ndipo musaiike pansi pa singano yotha. Mbale yaikuru izungulira ka 33 pa mphindi imodzi, yaing'ono ka 45, musasokoneze. Ndipo tsiku lina muitane adzukulu, muwakhazike pansi, amve okha umo anaimbira mwana wa m'komboni ameneyu.